Nthuli Yopserera pa Mgolo wa Amalume

Ndiyambe ndi kuthokoza Mulungu, mwini moyo, amene watisunga chaka chathunthu chichokereni amalume anga, a Lufeyo Mwale. Ndithokoze chifukwa cha denga limene anandipatsa mayi anga atamwalira, chifukwa cha sukulu, ndiponso chifukwa cha Mawu a Mulungu amene ndinayamba kuwamva pakamwa pawo. Ndithokozenso kuti Mulungu wathu saopa choonadi, pakuti zimene ndilembe pano si zonse zokoma.

Loweruka lapitali tinali kumanda kukavundukula chiliza chawo. Olankhula analankhula. Wina anati anali mzati wa mpingo. Wina anati anali bambo wa aliyense. Wina anakumbutsa za nyama yawo yootcha, anthu n'kuseka, ena mpaka kumeza malovu pamanda pomwepo. Zonsezo n'zoona. Koma panalibe amene anatchula kuti kumbuyo kwa gulu, pakati pa manda a eni ake, panaima mayi wovala chitenje chakuda. Ameneyo ndi Tamandani, mwana wawo wamkazi mmodzi yekhayo, amene bambo ake sanamutchule dzina kwa zaka khumi ndi zinayi, mpaka analowa nalo m'manda dzinalo lili pakhosi. Ine Elube, mwana wa mlongo wawo, ndinaimba nawo nyimbo zonse. Koma ndabwerako ndi mtima wowawa, ndipo ndaona kuti ndikapanda kulemba ndichimwa.

Amalume anali a ku Dedza. Ku Mzuzu anabwera ndi ntchito ya boma yoyeza malo, akuganiza kuti akhala zaka ziwiri kapena zitatu. Anakhala moyo wonse. Ankasimba kuti zaka zoyambazo zinali zosautsa: kamvula kamawawa kosadziwa kukata, nkhungu mpaka masana, chinenero chachilendo pamsika, popanda ndi mmodzi yemwe wowatchula kuti m'bale. Chimene ankachilakalaka kwambiri chinali tsiku limodzi la kwawo. Bambo awo anali munthu wouma mtima, amene ana ake anayi ankangowaitana kuti iwe. Koma akakolola ankapha mbuzi, n'kukoleza moto pabwalo, n'kuotcha chiwindi choyamba. Akachidula ankaitana ana mmodzimmodzi, aliyense ndi dzina lake, n'kumuika nthuli m'manja. Amalume ankati pa chaka chonse, limenelo ndilo linali tsiku lokhalo limene ankamva dzina lawo likutuluka pakamwa pa bambo awo, ndipo ankaliyembekezera kuposa nyamayo.

Musaiwale mawu amenewa, inu owerenga. Munthu ameneyu ankadziwa bwino lomwe kulemera kwa dzina.

Atapeza nyumba ku Katoto anagula mgolo wachitsulo, anakaudulitsa pakati m'litali, owotcherera n'kuuika miyendo inayi ndi sefa ya waya pamwamba. Anauimika pambali pa nyumba, pansi pa mtengo wa gwafa, poonekera kugeti. Katatu pa chaka, pa Khirisimasi, pa Pasaka ndi pa tchuthi cha mu Julaye, ankapha mbuzi. Ankati banja limene lili kutali ndi kwawo likapanda kukhala ndi moto umodzi wouzungulira, tauni imalimwaza.

Pa mgolo umenewo panali malamulo ngati a m'kachisi. Makala a paini sankawafuna, ankati ali ngati mkhristu wa pamsonkhano wachitsitsimutso, kuyaka msanga n'kuzima msanga. Nyama sinkaikidwa pa lawi, tinkadikira mpaka makala atavala phulusa loyera. Mchere unkathiridwa nyama itatembenuzidwa kamodzi, osati isanatero. Kenako mandimu ndi tsabola wa kambuzi wosinja. Ikatsala pang'ono kupsa ankathyola timphukira ta gwafa n'kuponya pa makala, utsi wake n'kulowa m'nyama. Foloko inali yoletsedwa, ankati imabaya nyama n'kuitayitsa madzi. Ankatembenuzira sipoko ya njinga imene anaipinda kunsonga, ndipo inkakhala pa msomali pa mtengo wa gwafa uja.

Lamulo lalikulu linali ili: palibe woyandikira mgolo asanaitanidwe. Chaka china abusa athu anabwera kudzadya nafe. Fungo litawakoka ananyamuka, manja kumbuyo, akumwetulira, kulunjika kumoto.

"Abusa," anatero amalume osacheuka n'komwe, "kuguwa ndi kwanu. Kuno ndi kwanga. Kakhaleni pansi."

Abusa anabwerera pampando ngati mwana wa Sande sukulu, ife tikubisa nkhope m'zitenje.

Mmodzi yekha amene ankalimbana nawo pakamwa anali a Gondwe, oyandikana nafe nyumba, Mtumbuka wa nthabwala amene kale anali mphunzitsi. Utsi ukangokwera, mutu wawo unkatulukira pamwamba pa mpanda.

"Monire a Mwale! Lero ndi mbuzi, kapena mwaitanitsa mbewa za kwanu?"

"Mbewa sitipatsa anthu osadziwa kuyamika. Tengani mpando wanu mubwere."

"Yewo chomene. Koma tsabola muchepetse, chaka chatha ndinalira ngati pamaliro."

"Munalira chifukwa nthiti zinatha."

Chiwindi chikapsa, pabwalo pankagwa bata. Amalume ankachidula nthuli zisanu, n'kuyamba kuitana ndi mawu aja owerengera Mawu kutchalitchi. Poyamba akazi awo, Nabanda. Kenako ana awo aamuna, Chifundo ndi Madalitso. Kenako Tamandani. Pomaliza ine. Tsiku loyamba limene ndinamva akuti "Elube", ndili mwana wamasiye wongofika kumene, ndinadziwa kuti sindine mlendo m'nyumba imeneyo. Mpaka lero ndikamva fungo la nyama yootcha pamsewu, mtima wanga umayamba wathamanga ngati pali wina amene ati andiitane.

Mwa ife tonse, amene anatenga dzanja la amalume anali Tamandani. Anyamata aja ankangofuna kudya. Iye ankakhala chapatali, maso pa moto, kufunsa mafunso osatha. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu, amalume anachita chimene sanachitepo kwa wina aliyense: anamuitana pakati pa ntchito n'kumupatsa sipoko ija. A Gondwe anaomba m'manja, amvekere ufumu wapita kwa mwana wamkazi. Kuyambira pamenepo ankaima awiri pa mgolo, bambo ndi mwana, osalankhulana zambiri, wina akaloza ndi chibwano mnzake wamva kale. Sindinaonepo amalume akusangalala ngati m'zaka zimenezo.

Atakula, Tamandani anakondana ndi Nyirenda, mnyamata woyendetsa minibasi, wa mpingo wina. Amalume anakana. Anakana kachiwiri, anakana kachitatu. Tsiku lina Tamandani anapita kuntchito osabwerera, anakalowa m'nyumba ya Nyirenda ku Katawa. Kuno amati kusomphola, ndipo kwa eni dera nkhani yotere ili ndi njira yake yoikonzera: akuchimuna amatuma munthu kukapepesa, n'kuyamba kukambirana za malowolo. Akwawo kwa Nyirenda anatuma a Gondwe. Anabwera atavala jekete, chipewa m'manja, nthabwala zonse atazisiya kunyumba.

"A Mwale, ana alakwa, inde. Koma anthuwa abwera mwaulemu. Akufuna akhale pansi ndi inu."

"Kwathu sitigulitsa ana."

"Si kugula, dada. Ndi kumanga ubale."

"Ubale umayambira pakhomo, suyambira pawindo. Kawauzeni kuti ine ndilibe mwana woti tikambirane."

Ine ndikudziwa chimene chinkawadya. Amalume anali mkulu wa mpingo, ndipo kwa zaka zambiri anakhala akuweruza milandu ya ana aakazi a anthu ena, mosanyengerera. Tsopano anthu omwewo ankawayang'ana akamalowa m'tchalitchi. Madzulo a tsikulo anatisonkhanitsa n'kunena kuti dzina lija lisamvekenso m'nyumba mwawo.

Khirisimasi itafika tinkaganiza kuti adula nthuli zinayi. Anadula zisanu. Anaitana Nabanda, Chifundo, Madalitso. Atatero anakankhira nthuli imodzi pakona ya sefa. Kenako anati, "Elube." Nthuli ija inakhala pakonapo tikudya, ikuuma, ikuda, mpaka inasanduka khala. Pomaliza anaigwetsera m'phulusa ndi sipoko. Ngakhale galu sanapatsidwe.

Anachita zimenezi katatu pa chaka, zaka khumi ndi zinayi. Ife tinkanong'onezana kuti taonani, akumukondabe. Mwina ankamukondadi. Koma kuchokera ku Katoto kufika ku Katawa ndi ulendo wa kabaza wa mphindi zochepa, ndipo chikondi chimene chinkathera m'phulusa sichinamufike mwanayo ngakhale tsiku limodzi. Munthu yemweyo ankaima kutsogolo kwa mpingo n'kulalikira mogwira mtima za atate aja amene anaona mwana wawo akali kutali, nathamanga kukamukumbatira, namuphera mwana wang'ombe wonenepa. Azimayi a mumpingo ankapukuta misozi. Ine ndinkayang'ana pansi.

Nyirenda anali mwamuna wabwino, ndinene zimenezi poti palibe anazinena kwathu. Atayamba kudwala n'kusiya minibasi, Tamandani anakadulitsa mgolo wake nayenso, n'kukauimika pafupi ndi depoti, pakati pa amuna ootcha kanyenya. Anamuseka sabata imodzi. Sabata yachiwiri mzere unali kwa iye. Tsiku lina ndinamupeza akutembenuza nyama ndi sipoko yopinda kunsonga, timphukira ta gwafa tili m'thumba pambali.

"Asisi Elube, musandiyang'ane choncho," anatero. "Ndinayesetsa kudana nalo fungo limeneli. Zinakanika. Ndikaima pano ndimamva ngati aima kumanja kwangaku."

Miyezi yomaliza ya moyo wawo amalume anadwala mtima, chakudya chinkawakanika. Masana ena ndinapita kudepoti, ndinagula nyama kwa Tamandani, n'kukaiika m'mbale ya kunyumba osanena kanthu. Anainunkhiza. Anatenga nthuli imodzi n'kutafuna pang'onopang'ono, maso ali kudenga.

"Wagula kuti?"

"Kudepoti, amalume."

"Muli gwafa umu."

"Eya."

Anadya yonse, munthu amene kwa masiku anayi ankakana ngakhale phala. Atapukuta zala anati, "Ukamuuze ameneyo kuti akufulumira kutembenuza."

Ndinagwada pambali pa bedi. "Ndikamuuze ndani, amalume? Mutchuleni. Ndikupemphani m'dzina la Ambuye, mutchuleni, ndikamutenge pompano."

Milomo yawo inagwedera. Ndinaona ndi maso angawa. Kenako anatembenukira kukhoma.

"Ukumudziwa," anatero.

Nditamuuza Tamandani, anaseka misozi ikutsika. "Akunena zoona. Makasitomala sadikira." Ndinamupempha kuti tipite limodzi. Anandiyang'ana m'maso n'kufunsa ngati bambo ake anena kuti abwere. Sindinathe kunama. Patapita masiku ochepa amalume anamwalira, ndipo mpaka lero ndimafunsa Mulungu m'pemphero ngati kukana kwanga kunama tsiku limenelo kunali chilungamo kapena mantha chabe.

Wina angafunse kuti bwanji mwanayo sanangodzichepetsa n'kupita yekha. Anapita. Ndi tsiku limenelo limene ndakhala ndikulizungulira chiyambire kulemba.

Inali Khirisimasi, zaka zitatu amalume asanamwalire. Nabanda anali atatisiya kale, atatha zaka akupita ku Katawa mozemba ngati wakuba kukaona mwana wake yemwe. Nyirenda naye anali atamwalira chaka chomwecho. Titabwerako kutchalitchi, dzuwa linatuluka pang'ono mvula itagwa m'mawa wonse. Chifundo ndi Madalitso analipo ndi mabanja awo, a Gondwe ali pampando wawo. Chiwindi chinali chitapsa, amalume akuchidula. Pamenepo galu anauwa kamodzi n'kuyamba kugwedeza mchira.

Tamandani anali ataima pageti. Geti linali lotsekula. M'manja ananyamula jumbo ya mandimu.

Sanalowe, sanalankhule. Anangoima, manja onse awiri pa jumbo ija, maso pa mgolo. Amalume anamuona. Mpeni unaima m'mwamba, kenako unapitiriza kudula.

"Chifundo."

Chifundo anapita, analandira, anabwerera osayang'ana kugeti.

"Madalitso."

Zinatsala nthuli ziwiri. Amalume anakola imodzi ndi sipoko n'kuinyamula. Anayang'ana kugeti, mwana wawo naye akuwayang'ana. Sindidziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji. Ndinkamva mafuta akudontha pa makala.

A Gondwe ndiwo analankhula, motsitsa, chinenero chawo chitawatulukira chokha. "A Mwale, muchemeni mwana. Muitaneni. Waima ngati mlendo pakhomo pa dada wake."

"Munthu akafika pakhomo amati odi," anayankha amalume, mokweza kuti zimveke kugeti.

Tamandani sananene odi. Amalume anadikira. Iye anadikira. Kenako sipoko inatsika, nthuli ija n'kukankhidwira pakona.

"Elube."

Ndinanyamuka. Mulungu andikhululukire, ndinanyamuka, ndinapita, ndinatambasula manja n'kulandira. Ndikanatha kukhala pansi n'kunena kuti sindidya mpaka m'bale wanga aitanidwe. Ndikanatha kuyenda masitepe ochepa chabe n'kukamugwira dzanja. Koma ndinali munthu woleredwa, ndipo ndinkaopa kutaya malo anga pamoto umenewo. Timawerenga za wophunzira uja amene anaotha moto wa makala m'bwalo la mkulu wa ansembe n'kukana Mbuye wake. Ine sindimuweruzanso. Ndikudziwa kufunda kwa moto wotero.

Nditacheuka, pageti panalibe munthu. Jumbo ya mandimu anaikoleka pa chitsulo cha geti. A Gondwe ananyamula mpando wawo n'kubwerera kwawo osalawa kanthu, ndipo sanadzadyenso nafe pa mgolo umenewo.

Mawa lake ndinapita ku Katawa nditakwiya. "Iwe, mawu amodzi okha! Ukanangoti odi, bwenzi zonse zitatha."

"Odi amanena ndi mlendo, asisi. Ndikanati odi ndikanavomera kuti pakhomo paja si pathu." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Ndiponso munaonapo ndani akupita pa mgolo uja asanaitanidwe? Ngakhale abusa anabwezedwa. Ine ndinachita zimene anandiphunzitsa okha. Ndinaima, n'kudikira dzina langa."

Madzulo ake ndinawafotokozera amalume mawu amenewa. Iwo anangondifunsa kuti mandimu aja ndawaika kuti. Anawagwiritsa ntchito onse, limodzilimodzi, mu tiyi wawo wa m'mawa, mpaka anatha. Koma ku Katawa sanapite.

Ndicho chimandiwawa. Sanali munthu woipa. Anadyetsa amasiye, anayendera odwala, ananditenga ine wopanda pogwira n'kundiitana ndi dzina pamaso pa ana ake. Koma mphatso imene anailandira kwa bambo ake ouma mtima aja kamodzi pa chaka, iye anaimana mwana wake, akudziwa bwino njala yake. Ambuye wathu atauka kwa akufa anakoleza moto wa makala m'mbali mwa nyanja, naikapo nsomba, ndipo sanadikire kuti amene anamukana uja ayambe wapepesa. Anamuitana ndi dzina, namudyetsa. Amalume ankaidziwa nkhani imeneyi pamtima. Sindikuwaweruza, Woweruza alipo, ndipo chifundo chake n'chachikulu kuposa mkwiyo wanga. Koma sindinganamizire kuti chiliza choyera chija chafotsera zonse.

Titachoka kumanda Loweruka lija tinasonkhana kunyumba ku Katoto. Chifundo anali atagula mbuzi kuti tiotche pokumbukira bambo ake, koma pa ana aamuna aja palibe amene amadziwa ngakhale kuyatsa makala bwino. Anapita kwa Tamandani, amene anali atakhala pakhonde la a Gondwe, kuseri kwa mpanda.

"Mlongo, bwera utiotchere. Dzanja la bambo lili ndi iwe. Mgolo uja utenge ndithu, ndi wako."

Tamandani anayang'ana mtengo wa gwafa pamwamba pa mpanda.

"Achimwene, zikomo. Koma pamenepo pamapita munthu woitanidwa. Woitanayo mwamuika simenti pamwamba lero."

Mbuzi ija inaphikidwa m'miphika, kukhitchini.

Dzulo ndinapitanso kunyumbako kukatenga mabuku anga a nyimbo. Mgolo ukadali pomwe unali. Mwendo umodzi wadyeka ndi dzimbiri, ndiye wapendekeka ngati munthu wotsimphina. Madzi a mvula adzaza m'kati, phulusa lakale lasanduka thope, ndipo magwafa akugwa n'kuolera momwemo popanda wotola. Sipoko ikadali pa msomali wake. Udzu wamera pamene pankaima mapazi a anthu awiri. Ndinaweramira pa sefa n'kuyang'ana pakona paja. Waya wa pamenepo ndi wakuda kuposa pena paliponse, wokhuthala ndi mafuta opserera a zaka khumi ndi zinayi, ndipo mvula yonse ya Mzuzu yalephera kuwutsuka. Kuchokera pamenepo geti limaoneka bwinobwino. Ndinawerenga masitepe. Ndi khumi ndi awiri.

Inu amene mwawerenga mpaka pano, Mulungu wa mtendere akhale nanu. Adalitse moto wa pakhomo panu ndi onse ouzungulira. Ngati pali wina amene waima pageti panu, kapena amene nthuli yake mwaikankhira pakona, Ambuye amasule lilime lanu mumuitane ndi dzina lake makala asanazime. Ndipo inu amene mwaima panja kudikira, Iye amene amadziwa nkhosa zake ndi kuziitana mayina akuitaneni, akudyetseni ndi dzanja lake, ndipo akupukuteni misozi. Ameni.